Makina Achikasu a Achimwene

Katundu wa womwalira sachedwa kupeza eni. Patangotha masabata atatu chiikireni maliro a mkulu wake, Jombo anaona firiji ikutuluka pakhomo ndi amalume, njinga yamoto ikutsatira ndi msuweni amene kuchipatala sanapondeko n'kamodzi komwe. Iye anangomusiyira makina akale osewerera magemu pa TV, aja olowetsa katiriji, kabokosi ka gemu, pamwamba. Pulasitiki yake inali itasanduka yachikasu ngati mano a wosuta fodya, ndipo pakona panali chipsera cha simbi.

"Tenga zidole zako," anatero amalume. "Wothawa koleji zimuyenera zomwezo."

Jombo anasiya koleji kuti adwazike mkulu wakeyo, koma zimenezo panalibe wozikumbukira. Makinawo anawaika pashelefu m'nyumba ya mlamu wake, mkazi wa malemuyo, momwe ankakhala. Akawayang'ana, chisoni chinkasakanikirana ndi manyazi. Munthu wabwino ngati uja, chikumbutso chake chizioneka ngati chotola kudzala?

Mumsewu wa ogulitsa zamagetsi munali bambo wina, Mandevu, amene pawindo la sitolo yake anayalapo makina a mtundu womwewo, otuwa bwino, onyezimira ngati atuluka m'bokosi dzulo. Jombo atamuonetsa akewo, Mandevu anawatembenuza, nayang'anitsitsa kunsi kwake nthawi yaitali, kenaka anaseka.

"Mphwanga, awa ndi agogo. Koma poti uli pachisoni, ndikuchitira chifundo. Ubwere mawa, undisiyire nkhalambayi, utenge namwaliyo."

Jombo atafika kunyumba anapeza mlamu wake akupinda zovala, namufotokozera.

"Alamu, kawaonetseni kaye kwa Amisiri," anatero mlamuyo. Amisiri anali mkulu wokonza zamagetsi, mnzake wa malemu. "Achimwene anu sankalola munthu wina aliyense kuwagwira makina amenewa."

"Amisiri angonditayitsa nthawi ndi nkhani zawo zosatha. Maso ndili nawo."

"Muli nawodi. Ndi omwe aja munagulira nsapato ziwiri zonse za kumanzere."

Jombo sanaseke. M'mawa mwake anakasinthitsa.

Namwali uja anakhala bwino pashelefu, ndipo Jombo anafuna amalume atadutsa kuti aone. Analowetsa katiriji imene mkulu wake ankaikonda, gemu n'kuyamba. Koma nyimbo yake inatuluka yopyapyala, yothamanga, ngati woimba wagwidwa pakhosi. Mlamu anasuzumira kuchokera kukhitchini, supuni ili m'manja.

"Chimenecho n'chiyani? Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndi nyimbo imeneyo m'makutu mpaka kuida. Siimalira choncho."

Pasanathe mphindi khumi chithunzi chinauma gwa. Jombo anazimitsa, nayatsanso, chinaumanso pomwepo. Anawakulunga m'thawulo, ulendo wa kwa Amisiri, mutu uli pansi.

Amisiri anali ndi kachipinda kodzaza mawaya ndi fungo la mtovu wosungunuka. Osonkhanitsa makina akale ankabwera kwa iwo kuti awauze mtengo weniweni asanagule. Anawalandira makina onyezimirawo, nawagogoda ndi chikhadabo, n'kutenga sikuludilaiva wamba.

"Ukuona, mwana wanga? Enieni samasuka ndi chida ichi. Masikuluwu awo ndi a mutu wachilendo."

Chigoba chitatseguka, Jombo anasuzumira. M'kati munali mphako. Pakati pake panali kabolodi kochepa ngati bokosi la machesi, komatidwa ndi guluu, ndipo pambali pake anamangirirapo ndi tepi chidutswa cha chitsulo cha pageti kuti makinawo azilemera m'manja.

"Chigobachi chapangidwa chaka chatha, kabolodika mwina mwezi watha," anatero Amisiri. "Wakugulitsa ndani nyansizi? Kapena wafuna kuwapezera mnzawo a mkulu wako aja?"

Jombo anangotchula Mandevu ndi kusinthitsa kuja. Amisiri anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Usandiuze. Mwana iwe! Aja sanatsegulidwepo chiwapangireni. Kasitika ka fakitale kakadali pa sikuluwu, nambala yake ndi yoyambirira. Chikasu chija ndiye umboni wa zaka zake. Odziwa amafuna chimenecho, osati kunyezimira. Thamanga!"

Amisiri anabwezeretsa chigoba mwachangu, Jombo n'kuliyatsa liwiro. Njira yonse ankangoona munthu wachilendo akutuluka m'sitolo ya Mandevu ndi chinthu chokhacho chimene mkulu wake anamusiyira. Ankakonza mawu opempha, okalipa, ngakhale ogwada.

Sanapeze mpata wonena ngakhale limodzi. Mandevu atangomuona anatuluka kuseri kwa kauntala, ndevu zikunjenjemera.

"Wabwera, kamberembere iwe! Nkhope ya chisoni, mtima wa mbava! Wandipatsa mtembo! Ndaitana wogula wamkulu, ndalumikiza pamaso pake, TV mdima bii. Wandichititsa manyazi!"

"Mwawatsegula?" anafunsa Jombo.

"Nditsegule, nding'ambe kasitika, kenaka undikanire kuti ndawononga ndine? Tenga maliro akowa, undibwezere katundu wanga!"

Jombo sanafunse za chitsulo cha pageti. Anaika namwali pakauntala, nakumbatira nkhalamba yake, n'kutuluka Mandevu akutukwanabe.

Koma mtima sunakhale pansi. Nanga ngati anafadi? Chiyambire matenda a mkulu wake, panalibe anawayatsapo. Anabwerera nawo kwa Amisiri.

Amisiri sanagwire sikuludilaiva. Anaunika ndi tochi polowera katiriji, napukusa mutu, n'kukulunga kansalu pa kakhadi kopyapyala. Anakanyowetsa ndi sipiliti, nakalowetsa ndi kukatulutsa kangapo. Kansaluko kanatuluka kakuda ndi fumbi la miyezi yonse imene m'nyumba muja munalibe wosewera. Analowetsa katiriji ija, imene Jombo anabwera nayo, nakankha batani.

TV inaphethira kamodzi. Kenaka nyimbo inadzaza kachipindako, yolemera, yosafulumira, momwe Jombo ankaimvera ali mwana, atakhala pansi pafupi ndi mkulu wake kudikira kuti amupatseko mpata.

Jombo anakhala pa TV yakufa imene inali pakona. Anayamba ndi kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, kulira kumene kunamukanika tsiku la maliro. Amisiri anamuleka, namayerekeza kusanja mawaya.

"Pali bambo wina angakupatse malipiro a miyezi itatu lero lomwe," anatero patapita nthawi. "Ndimuimbire?"

Jombo anapukusa mutu, akupukuta mphuno ndi mkono wa malaya.

"Ndinadziwa. Basi, pita nawo. Koma ndikadzamva kuti wawapaka mankhwala oyeretsera, ndidzabwera ndekha kudzakukoka makutu."

Jombo anatuluka atawafungatira ngati khanda, akuyenda pang'onopang'ono, kupewa ngakhale kugundana ndi odutsa. Anali ataona ndi maso ake omwe aja zimene akuluakulu ankanena: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.