Dalaivala ndi Buledi wa Gaga

Kukampani ankangowatchula kuti a Ndikudziwa, chifukwa chilichonse chimene ungawauze, ngakhale zoti chingwe cha nsapato chamasuka, yankho linali lomwelo. Anali pa miyezi yoyesedwa ngati dalaivala wa bwana wamkulu, mayi wosaseka, wodana ndi zinthu ziwiri: liwiro, ndi dalaivala wosamanga mabatani. Tsono jekete ya ntchito imene anapatsidwa inali ya munthu woonda, ndipo mimba yawo inkaikana. Loweruka kunali ulendo wokatenga mlendo kubwalo la ndege. Bwana ananeneratu kuti pa ulendo umenewo ndi pomwe adzaone ngati awalembe ntchito kapena ayi.

Mlamu wawo, amene anali namwino, anawapeza pabalaza akulimbana ndi batani.

"Alamu, yesani buledi wa tirigu wosachotsa gaga, amakhutitsa msanga," anatero namwinoyo. "Koma muyambe pang'onopang'ono. M'matumbomu muli tizilombo tabwino timene timadya gaga, ndiye akamasasa mmenemo amatulutsa mpweya. Mukatikonzera phwando mwadzidzidzi, timathokoza mokweza."

"Ndikudziwa," anayankha eni mimba.

Zoti pang'onopang'ono anati n'za anthu opanda Loweruka. M'mawa buledi wathunthu, masana wina, madzulo gaga wa m'paketi wothira mumkaka, pamwamba pake nyemba, poti anamva kuti nazonso n'zathanzi. Pofika Lachinayi mkazi wawo anali atatopa nazo.

"Abambo, ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati lipenga," anadandaula mayiwo. "Tamverani za alamu anuzo."

"Ndi mafuta akutuluka amenewo. Inu simungazimvetse."

Loweruka mimba inadzuka ili ndiii, yotupa kuposa kale. Batani linamangika, koma mothandizidwa ndi pemphero. Popita zinayenda bwino. Pobwerera, bwana ndi mlendo ali kumbuyo, mvula ikugwa, mawindo onse otseka, m'mimba munayamba gudugudu. A Ndikudziwa anakweza wailesi. Bwana anati azimitse.

Kalanga ine, munthu anavutika! Thukuta linali kamukamu, mano ataluma, matako atafinya mpando ngati akuuletsa kuthawa. Mantha anawagwira, poganiza za ana awo ndi ntchito imene anaifunafuna zaka. Nzeru imene inawabwerera inali imodzi yokha: kufika msanga. Anaponda moto.

"A dalaivala, tikuthawa ndani?" anafunsa bwana.

Yankho lisanapezeke, hampu inatulukira kutsogolo. Galimoto inadumpha, mlendo anagunda mutu kudenga, ndipo zonse zimene bambo aja anasunga kuchokera kubwalo la ndege zinatuluka ulendo umodzi, motalika, mpaka ndi kamchira kumapeto. Kenako mlendo, munthu waulemu wake, anayamba kufufuza potsegulira windo misozi ili m'maso.

"Likhala tayala limenelo, bwana," anayesa a Ndikudziwa.

"Imani. Tsikani mukalione."

Anatsika. Akuwerama kuyang'ana tayala lopanda vuto, anamva chitseko chikutsekeka. Bwana anali atakhala pachiwongolero. Galimoto inanyamuka mwapang'onopang'ono, mawindo onse anayi ali pululu, mvula ikulowa mmene ikufunira, ndipo palibe anatembenuka.

Anatsala pamsewu akunyowa, ntchito itapita, kunyumba kuli kutali, mimba ikadali ndi mawu ena oti inene. Akuluakulu sananame ayi: kuthamanga sikufika.