Nkhoswe Yosadziwa Manja a Mwana Wake

Kudera lina la ku Ntcheu kunali munthu wina, dzina lake a Kalimbira, amene anatchuka ndi unkhoswe. Pa ulimi analipo owaposa, pa kwaya analipo owaposa kutalitali, koma pa nkhani yomanga mabanja panalibe wowafika. Ukwati womangidwa ndi a Kalimbira sunkasasuka wamba.

Chinsinsi chawo chinali funso limodzi. Asanavomere kunyamula nkhuku ya chinkhoswe chilichonse, ankayamba aitanira mtsikana pambali, kutali ndi amake ndi azakhali ake, n'kumufunsa kuti, "Mnyamatayu ukumufuna ndiwe, kapena akukufunira ndi ena?" Akatero sankamvetsera pakamwa pokha, ankayang'ananso kuphazi. Mtsikana akangozyolika n'kumakanda pansi ndi chala, iwo ankaibweza nkhaniyo, ngakhale thobwa litaphikidwa kale. Makolo akadandaula, yankho lawo linali lomwelomwelo: safunsa anadya phula.

China chimene ankadzitama nacho, ndipo kudzitama ankakudziwa, chinali maso awo. Mwambo wa pa chinkhoswe mukuudziwa, pamene akuchikazi amatulutsa atsikana ofunditsidwa zitenje kuyambira kumutu kuti akuchimuna aloze mkwatibwi wawo. Ankhoswe ena amangoti, "Si ameneyu." A Kalimbira ayi. Iwo ankayang'ana manja ogwira chitenje ndi zidendene, n'kutchula dzina la wofundayo, la amake, ndi la agogo ake omwe. Ankati mtsikana aliyense wa m'deralo anakula iwo akuona.

Pakhomo pawo ankalera mwana wa mlongo wawo, dzina lake Mwandida. Mlongo wawoyo anamwalira mwanayu akadali wamng'ono. Anatsirizikira pa benchi la chipatala china chaching'ono, mutu uli pamiyendo ya a Kalimbira, akudikira dokotala amene tsiku limenelo anali kwina. Pochokera kumanda, a Kalimbira anagwira kamtsikanako padzanja n'kunena kuti, "Tiyeni kunyumba, Adokotala." Kuyambira pamenepo dzina la Mwandida linafera m'kamwa mwawo. Kunyumba anali Adokotala, kutchalitchi Adokotala, kuchigayo Adokotala, mpaka ana ena ankayesa kuti ndi dzina la ubatizo.

Musaganize kuti anali munthu wankhanza. Mwanayu ankamukonda koposa maso awo aja. Mvula ikagwa ankamukweza pa njinga mpaka pa sukulu, iwo akuvumbwa, iye atafunda jekete lawo. Khasu anamuletsa, nkhwangwa anamuletsa, ati manja a dokotala safunika zikang'a. Akapita kumsika ankaiwala mchere umene anawatuma akazi awo, koma mafuta odzola a Adokotala sankaiwala.

Koma mwana amakula ndi zake. Masana a Loweruka, amalume ake ali kumaukwati a eni, Mwandida ankakhala pa mjigo ndi amayi a komiti ya madzi, akuthandiza mmisiri kutulutsa mapaipi. Poyamba ankangogwirizira sipanala. Kenako anayamba kumva ndi khutu lokha kuti mjigo ukudwala pati. Sanabise ayi. Tsiku lina anafika kunyumba nkhope ikuwala n'kunena kuti, "Amalume, mjigo wa kusukulu uja tautsitsimutsa lero." A Kalimbira, maso ali pa tcheni cha njinga, anangoti, "Musamayandikire zitsulo, Adokotala, zingakupwetekeni." Ndiponso sanadabwepo kuti nkhuku ikamaphedwa pakhomo, Adokotala awo ankapezeka kuseri kwa nkhokwe atatseka maso.

Mayeso a Folomu 4 atatuluka, Mwandida anapeza mapointi 14. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa dambo, ndipo a Kalimbira anavina mpaka chipewa chinagwera m'fumbi. Nthawi yofunsira malo ku yunivesite ya boma itakwana, anavala jekete la maukwati n'kupita ndi mwanayo kwa mphunzitsi wamkulu, amene ankathandiza ana kusankha maphunziro.

Mphunzitsiyo anali munthu wosazungulira. Anawafotokozera kuti mwana amatchula maphunziro angapo, kuyambira amene akuwafunitsitsa, ndipo osankha amayamba kutenga a mapointi ochepa. Malo a udokotala ndi owerengeka, pomwe ana a mapointi sikisi, seveni ndi eyiti, ochokera m'dziko lonse, amathamangira komweko. Anati mphamvu za Mwandida zili pa masamu ndi fizikisi, ndipo kuti atayang'ana ku uinjiniya wa madzi ndi ulimi wothirira, khomo likhoza kutseguka. Akaunjika zonse ku zachipatala, akhoza kutsala kunja ndi mapointi ake abwinowo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero mphunzitsi.

A Kalimbira anamwetulira ngati munthu amene akuphunzitsidwa ntchito yake yomwe.

"Aphunzitsi, zofunsirazi muzitisiyira ife. Namwali wokongola ofunsira amachuluka, koma mwamuna sathawa poona nsapato zambiri pakhomo. Mbeta silola tsiku limodzi. Akatikana chaka chino, tidzagogodanso chaka chamawa. Pamwamba lembani udokotala, ndipo m'munsimo musachoke m'chipatala."

Mphunzitsi anafunsa ngati mwini wake akuvomereza. A Kalimbira anayankha okha kuti Adokotala anavomera kalekale. Mwandida anazyolika n'kuyamba kukanda simenti ndi chala cha kuphazi. Koma nkhoswe yathu, imene inabwezapo maukwati chifukwa cha chala chomwechi, maso ake anali kwa mphunzitsi. Mphunzitsiyo anangoti akaganizebe, abwerenso Lolemba, poti ndilo linali tsiku lotseka.

Mwina mukufunsa kuti mtsikanayu analekeranji kulankhula. Ankadziwa za benchi lija. Ankadziwa kuti dzina la Adokotala ndi chinthu chokhacho chimene amalume ake anachoka nacho kumanda. Kwa iye, kulikana kunali ngati kuwauza kuti akaikenso maliro a mlongo wawo. Anasankha kukhala chete, ngakhale kuti cheteyo akanamudyera mwayi wa sukulu, kapena kumulowetsa ntchito yoti azidzaidzukira ndi mantha moyo wake wonse.

Loweruka la sabata yomweyo kunali chinkhoswe kumudzi woyandikana nawo, ndipo a Kalimbira anali nkhoswe ya kuchimuna. Ng'oma zinalira, amayi anavina, ndipo nthawi yoloza mkwatibwi inakwana. Akuchikazi anatulutsa mtsikana woyamba, chitenje chitamuphimba mpaka m'mawondo. A Kalimbira anamuzungulira kamodzi n'kumutchula dzina ndi la amake. Anthu anaombera m'manja. Anatulutsa wachiwiri, namuimika pakati pa bwalo.

A Kalimbira anawerama n'kuyang'ana manja amene anagwira m'mphepete mwa chitenje. Anali manja olimba, a zikang'a m'munsi mwa zala. M'zikhadabo munali girizi wakale amene sopo anamulephera, ndipo pa chala chachikulu panali chipsera cha chitsulo.

"Iii, akuchikazi, uku ndiye kutinyoza," anatero mokweza kuti onse amve. "Atsikana anakutherani? Mwatenga mnyamata wa pa galaja n'kumuveka chitenje! Awa si manja a mkwatibwi, ndipo si a mwana wa kuno."

"Ngwa kuno ndithu," anayankha mayi wina wa kuchikazi, amenenso anali wa komiti ya madzi. "Mutchuleni dzina, poti inu mumadziwa onse."

A Kalimbira anatchula mwana wa osula makasu. Amayi anakuwa kuti ayi. Anatchula mwana wa okonza njinga. Anakuwanso kuti ayi, ndipo ena anayamba kale kugwa ndi phwete. Mayi uja anagwira chitenje n'kuchivundukula. Amene anaima pamenepo, akumwetulira mwamanyazi, anali Mwandida. Mkwatibwi anali mnzake wa kusukulu, ndipo anamupempha kuti adzafunde nawo.

Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Mayi uja anawonjezera moto: "Madzi amene munasamba m'mawa uno, a Kalimbira, anatuluka ndi manja omwewa. Inu mumayesa mjigo wanu umadzichiza wokha?"

A Kalimbira anaseka nawo, poti nkhoswe siikwiya pabwalo. Koma kusekako kunali kwa mano okha. Mumtima anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni. Ana a eni ankawadziwa ndi zidendene zomwe, koma mwana amene ankadya naye m'mbale imodzi anamulephera. Manja amenewa anawagulira mafuta kwa zaka zonsezi osawayang'anapo. Ankaona dokotala amene anabadwira m'mutu mwawo tsiku la maliro, ndipo mtsikana weniweniyo anakulira kuseri kwa dzina lija ngati mmene anaimira kuseri kwa chitenje.

Ntchito ya eni anaimaliza bwino. Mkwatibwi anamuloza, tambala anapereka, msoti analandira, malangizo anapereka. Anthu atayamba kudya, iwo sanakhale pansi. Anakodola mwana wa mlongo wawo n'kupita naye pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi anthu, monga ankachitira ndi ana a eni.

"Mwandida," anaitana.

Mtsikanayo anacheuka kuyang'ana kumbuyo, kuyesa kuti akuitana wina. Dzina limenelo anali asanalimve m'kamwa mwawo chimwalirire amake.

"Udokotalawu ukuufuna ndiwe, kapena ndikukufunira ndine?"

Mwandida anazyolika. Chala cha kuphazi chinayamba kukanda dothi, ndipo ulendo uno a Kalimbira anachiona. Sanamufulumize. Anadikira monga ankadikirira ena onse, mpaka mawu anatuluka okha.

"Ndimaopa kukukhumudwitsani, amalume. Ine ndikaona magazi mutu umazungulira. Koma mjigo woti unauma ukalavula madzi, azimayi n'kuyamba kululutira, ndimamva ngati amayi anga ali pomwepo pagulupo."

A Kalimbira anatenga manja aja n'kuwatembenuza, kuona zikang'a, kuona chipsera. Misozi inagwera pa jekete la maukwati ndipo sanaipukute.

"Mlongo wanga sanandisiyire dokotala," anatero. "Anandisiyira mwana."

Lolemba m'mawa anamukweza pa njinga monga kale. Atafika anauza mphunzitsi kuti mbeta ija aileka, poti mwini nkhani mtima wake unagwa kwina kalekale. Mphunzitsi anawachenjeza kuti nakonso ku uinjiniya ofunsira alipo ambiri, ndipo palibe angalonjeze kanthu. Iwo anati akawakana kumeneko ndiye mwambi wa mbeta uja udzagwire ntchito yake. Atatero anatenga chipewa chawo n'kutuluka. Munthu wokonda kuyankhira ena uja anakakhala pakhonde, pafupi ndi njinga yake, kusiya Mwandida asankhe yekha. Kukhala pakhonde paja kunawavuta kuposa ukwati uliwonse umene anamangapo.

Mayina a osankhidwa atatuluka, la Mwandida linalimo, ku maphunziro a madzi amene anaika pamwamba. A Kalimbira anavinanso mpaka chipewa chinagwa. Lilime lokha ndi limene linachedwa kuphunzira. Kwa nthawi yaitali ankati akayamba kuti "Adoko..." n'kudziluma, n'kuyambiranso bwinobwino kuti, "Mwandida, mwana wanga."

Tsono inu makolo, amalume ndi azakhali amene mwakhala panonu, ambiri mwa inu mwabwera ndi dzina m'thumba loti mumuveke mwana: dokotala, loya, namwino. Sindikukudzudzulani, chifukwa dzina lotere limachokera m'chikondi, ndipo nthawi zina limachokera pabala limene silinapole. Koma chikondi nachonso chimafunditsa chitenje. Musanauze mwana choti alembe pamwamba, mverani aphunzitsi pa za mapointi, chifukwa malo ndi ochepa ndipo khomo lolakwika likhoza kumusiya panja. Mukatero mutengereni pambali, mumuitane ndi dzina lake lenileni, mumufunse funso la a Kalimbira. Akakhala chete, yang'anani kuphazi. Ndipo inu ana, akakufunsani musakande pansi mpaka tsiku lotseka lidutse. Onetsani manja anu, poti ndi omwewo amene adzaigwire ntchitoyo ife titapita.