Sajeni Aiwala Kutsika

Kunali kummawa, mvula yowaza ikunyowetsa malata a ku Masasa, pamene Zondiwe, wokonza njinga zamoto, anaona kuti pusi wake wayamba kuchedwa kumva.

Pusiyo, dzina lake Sajeni, anamutola ali khanda agalu atapha make m'munda wina ku Nkhorongo. Ndi mtedza komanso kuleza mtima anamuphunzitsa kupereka sipanala ndi kulandira chakudya ndi manja awiri. Koma phunziro lalikulu linali liwu limodzi la Chitumbuka: "Khira!", kutanthauza kuti tsika. Pafupi ndi shedi yomwe ankakonzeramo njinga panali mtengo wa magetsi wokhala ndi thiransifoma, ndipo liwu limenelo ndilo linkasunga moyo wa Sajeni. Akangolimva ankatsika ngati wakokedwa mchira.

Mmawa umenewo Zondiwe anachita kubwereza mokalipa kuti Sajeni atsike padenga. Chifukwa chake ankachidziwa. Anyamata a kabaza, podikira njinga zawo, ankasuta chamba kuseri kwa shedi ndi kumuuzira pusiyo utsi kumaso. Sajeni ankadzandira kenaka kukhala duu akuyang'anitsitsa chala chake, iwo nkumafa nalo phwete.

Selina, mkazi wa Zondiwe, atabweretsa tiyi anati, "Bambo a Rejoice, nyamayi ikutha mutu. Dzulo ndimamupatsa nthochi, wangotsomphola. Manja awiri aja apita kuti?"

"Ndiye ndiwapirikitse anyamata aja? Njinga zonsezi zimabwera kuno chifukwa cha Sajeni. Kautsi pang'ono sikangafufute zimene ndamuphunzitsa zaka zonsezi."

"Mukufuna pusi womvera, mukufunanso pusi woledzera. Komatu pusiyo ndi mmodzi."

Zondiwe anangomwa tiyi wake, koma sanamve shuga.

Dzuwa litakwera anyamata aja anafika. Solomon, wolongolola kuposa onse, anafuula ali kuseri, "Madala, Sajeni ndi membala wathu tsopano! Mumugulire chipewa ayambe kunyamula anthu!"

Zondiwe anaseka ndi mano okha nawerama pa injini. Atadzutsa mutu, phwete linali litazima. Sajeni anali pakati pa mtengo wa magetsi uja, akukwera mwaulesi.

"Khira!"

Pusi anacheuka namuyang'ana monga mmene munthu amayang'anira mlendo pamsika. Kenaka anapitiriza kukwera.

"Sajeni, khira! Khira, mwana wanga!"

Zondiwe anagwedeza chitini cha mtedza mpaka mtedza kumwazika m'matope. Selina anagwira pakamwa. Pamwamba thiransifoma inkang'ung'udza, mawaya akudontha madzi, ndipo dzanja la Sajeni linali litatsala pang'ono kuwafika. Solomon anayesa kuimba likhweru koma milomo inamuumira.

Sajeni anatambasula dzanja kuti agwire chitsulo chomaliza. Anaphonya, iye amene sanaphonyepo nthambi chibadwire. Anagwa chagada pa mulu wa matayala akale.

Anali moyo, koma mkono wamanja unkangolendewera. Zondiwe anamukulunga m'jekete lake natembenukira kwa anyamatawo.

"Utsi wanu muzikasutira kwina. Amene wakwiya atenge njinga yake."

Ena anakankhadi njinga zawo zosakonzedwa napita. Selina anangowerama ndi kuyamba kutola mtedza m'matope.

Mkono unapola mopindika. Masiku ano Sajeni amakhala pa chingwe, ndipo mmawa uliwonse Zondiwe amamuika pa benchi lalifupi ndi kumuuza motsitsa kuti, "Khira." Tsiku lina amatsika, tsiku lina amangomuyang'ana, ndipo mwini wake sadziwa ngati liwu lija lidzabwererenso m'mutu mwake. Akuluakulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Phunziro likatha, Zondiwe amagwada pambali pa njinga ndi kutambasula dzanja mwachizolowezi kudikira sipanala. Kenaka amakumbukira, nadzitengera yekha.