Thumba la ufa la Abiti Daudi

Shukurani anafika pa madrasa yathu Lolemba, titangomaliza swala ya Aswiri, pemphero la chakumadzulo. Galimoto yake yoyera inaima pansi pa mtengo wa mango, ndipo atsikana amene ndimawaphunzitsa anasiya mabuku n'kuthamangira pa windo. Sindinawaletse. Nanenso ndinkafuna kuona.

Kuno ku Ntaja palibe amene samudziwa Shukurani. Anakulira kuseri kwa msika, anaphunzira Kurani pa mphasa zathu zomwezi, ndipo mawu ake tinayamba kuwamva akuimba kaswida, nyimbo zachisilamu, pa maukwati. Atapita ku Blantyre anasintha nyimbo, natchuka. Lero nkhope yake ili pa zikwangwani za kampani ina ya zakumwa, ndipo anyamata amameta monga iye. Febuluwale ameneyo chimanga chinasowa m'midzi, koma pa msika anthu ankakangana za nsapato zake kuposa za njala.

Loweruka, masiku awiri m'mbuyomo, anali atagawa ufa pa bwalo la mpira: matumba mazana atatu, zokuzira mawu, makamera awiri. Ine anandiitana kukathandiza chifukwa ndinapita ku koleji ndipo ndimatha kuyankhulana ndi anthu a kampani. Ntchito yanga inali yopereka matisheti pa geti. Anali achikasu, okhala ndi nkhope ya Shukurani pachifuwa, ndipo lamulo linali lakuti wosavala asalowe.

Shehe Twaibu, amene amayang'anira madrasa yathu, sanapiteko. Iwo ndi telala, ndipo Lolembali mlendo anawapeza pa khonde ndi makina awo, akuika zigamba pa yunifolomu ya mwana wina.

"Assalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikum salaam. Kodi ndi a Shukurani? Vulani magalasiwo ndikuoneni. Dzuwa silinatuluke kuyambira Lachisanu."

Shukurani anaseka, navula magalasi. Anapukuta benchi ndi mpango asanakhalepo.

"Shehe, Loweruka ndinakusungirani mpando kutsogolo."

"Ndinamva. Ndikhulupirira mpandowo sunadandaule."

"Koma kanema wake mwaonera?"

"Foni yanga ndi ya mabatani, mwanangu. Imaonetsa nthawi yokha, nayonso imachedwa."

Shukurani anatulutsa foni yake nawapatsa. Shehe anailandira ndi manja awiri, naonera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadumpha. Atabweza anati, "Anthu anavala bwino."

"Aonera anthu zikwi mazana awiri," anatero Shukurani. Kenaka nkhope yake inagwa pang'ono. "Koma pansi pake ena akulemba zoipa. Akuti ndi kudzionetsera, akuti Mulungu salandira zoterezi. Shehe, ndani kuno anadyetsapo anthu mazana atatu tsiku limodzi? Olembawo anaperekapo chiyani? Inu ndi amene munandiphunzitsa alifu, chilembo changa choyamba. Ndikupempha munene mawu awiri okha, ndijambule, kuti sadaka yanga, chopereka changachi, ndi yolandiridwa. Akamva kwa inu atseka pakamwa."

Shehe anadula ulusi ndi mano, naika yunifolomu pambali.

"Makiyi a zolandiridwa ndi zosalandiridwa sindisunga ine. Ine ndine telala. Kupereka poyera sikoletsedwa, ngakhale kupereka mobisa n'kopambana. Anthu adya, ndipo ndikukuthokozani m'malo mwawo. Koma ndifunseko kanthu kamodzi. Matumba aja anatha onse?"

"Linatsala limodzi. Lili m'galimotomo. Mwini wake sanabwere."

"Anabwera," anatero Shehe.

Anatembenukira kwa ine. Ndinali nditaima pakhomo la kalasi, choko chili m'manja.

"Mwalimu Asiyatu, munali pa geti. Auzeni zimene munandiuza ine."

Ndikadakonda nthaka itanditsegukira. Sindizolowera kuyankhula pamaso pa amuna, makamaka munthu amene nyimbo zake zili mu foni yanga. Koma Shehe anali kudikira, ndipo ndinafotokoza ndikuyang'ana pansi.

Ndinati m'mawa, anthu asanachuluke, kunabwera mayi wina atavala zakuda, nsalu ataikokera mpaka pamphuno. Kakadi kolandirira ufa anali nako. Ndinamupatsa tisheti. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati angathe kungoigwira m'manja. Bambo wa kampani anati ayi, aivale pamwamba pa zovala zake, ndipo nyimbo ikayamba akweze thumba m'mwamba n'kumwetulira. Mayiyo anapinda tisheti ija bwinobwino, nandibwezera, nati, "Zikomo mwanangu." Anabwerera njira imene anadzera.

Zimene sindinanene pa khondepo, koma ndizilemba pano, ndi izi: mayiyo ndinamuzindikira, ndipo chifukwa chake ndinachidziwa. Mawu amodzi okha kwa bambo uja akanakwana. Koma bambo wa kampani anali wofulumira, nyimbo zinali zitayamba, ndipo ndinaopa kuoneka wachimidzi. Ndinatenga tisheti ija n'kupatsa wotsatira.

"Anali ndani?" anafunsa Shukurani.

"Abiti Daudi," anayankha Shehe.

Abiti Daudi ndi mayi ake aang'ono a Shukurani, amene anamutenga ali ndi zaka zisanu, mayi ake omubala atamwalira. Amuna awo anamwalira mu Disembala. Shukurani pamaliro sanafike, anali ndi phwando la nyimbo kunja, koma anaika chithunzi cha malemuwo pa tsamba lake ndipo anthu ambiri anamupepesa. Kuyambira pamenepo Abiti Daudi anali mu eda, nyengo ya miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo pa mwamuna wake, osavala zowala, osadzikongoletsa.

Shukurani anaimirira. "Koma ali mu eda! Sayenera kutuluka n'komwe."

"Khalani pansi, mwanangu. Ndine ndinawauza kuti atuluke. Anatuma uthenga kudzandifunsa ngati njala ili chifukwa chokwanira. Ndinati inde, chilamulo chimalola masana pakakhala vuto. Za chikasu ndi kumwetulira pa kamera sanandifunse. Zimenezo anaziyankha okha."

"Bwanji sanandiimbire foni?"

"Anaimba. Anayankha mtsikana wina waulemu kwambiri, nawauza kuti alembe uthenga pa tsamba lanu."

Shukurani anakhala pansi. Ulendo uno sanapukute benchi.

"Dzulo," anapitiriza Shehe, "anazulitsa malata a chipinda chakumbuyo n'kusinthanitsa ndi chimanga. Si iwo okha. Mukayenda wapansi kuseri kwa msikako muwerenga nyumba zingapo zimene zavula zipewa chaka chino. Pa galimoto siziwoneka, msewu sudutsa kumeneko."

"Chipinda chakumbuyo," anatero Shukurani, ngati akudziyankhulira yekha. Ndi chipinda chimene ankagonamo ali mwana.

Foni yake inali pa benchi, ikuwala n'kuzima, kuwala n'kuzima, anthu akulembabe. Mvula yamawawa inayambanso kugwa pa denga la khonde, ndipo tonse atatu tinaimva, ndipo ndikudziwa kuti tonse tinaganiza za chipinda chimodzi.

"Ndiwagulira malata atsopano," anatero mwadzidzidzi. "Nyumba yonse. Ndibwera ndi anyamata Loweruka, tikonze zonse, tijambu..."

Mawuwo anamuthera pakamwa. Anaphimba nkhope ndi manja.

Shehe sanamudzudzule. Anatenga yunifolomu ija, nayang'ana chigamba chawo, nadikira. Patapita kanthawi Shukurani anafunsanso, koma mawu ake sanali a munthu wa pa chikwangwani. Anali a mwana amene ankakhala pa mphasa.

"Nanga sadaka yanga ija, Shehe? Yapita pachabe?"

Shehe anatambasula dzanja, natenga foni ija pa benchi, naiika mu kabati ya makina momwe amasunga singano ndi mabatani, natseka.

"Funso limenelo yankho lake lili kwa Mulungu, ndipo Iye safulumira. Koma funso la mayi anu yankho lake lili m'galimoto yanu, ndipo lagonamo masiku awiri. Anthu zikwi mazana awiri anakuonani, mwanangu, pamene inu simunaone munthu mmodzi amene anaima pa geti lanu. Senzani thumbalo pa phewa, mupite wapansi. Nyumba simuisowa, ndi ija yopanda denga kumbuyo. Foniyi muipeza pompano mukabwerako. Kumene mukupitako kulibe amene akufuna kuonera. Kuli amene akufuna kudya."