Mabuleki Obwereka a Lole ya Chadzunda

Ana inu, mwambi wa nsalu yobwereka musamaunene mukuseka. Unabadwira m'chipatala, ndipo nkhani yake imandipsetsa mtima mpaka lero.

Ku Dedza kunali mayi wina dzina lake Nasibeko. Mwamuna wake, Mpinganjira, ankayendetsa lole ya mchimwene wa mayiyo, Chadzunda, munthu woumira wosaneneka. Loleyo inkanyamula kachewere kupita naye ku Golomoti, kudzera msewu wotsetsereka wa Khwekhwelere. Mabuleki ake anali atatha kalekale. Paipi ina itayamba kudontha, Chadzunda anangoipinda n'kuimanga ndi waya, basi tayala limodzi linasiya kugwira.

Nasibeko mtima sunkakhala pansi. "Achimwene, mukufuna ndikhale wamasiye kodi?"

"Iwe, za galimoto uzidziwira kuti? Ikapimidwa mwezi uno, uona wekha."

Nthawi yopimitsa itakwana, loleyo inamangidwadi mabuleki abwino ndi paipi yatsopano. Opima anaiyesa, inaima nji! Anapereka chiphaso. Mpinganjira anafika kunyumba akuimba mluzu, ndipo Nasibeko anachita manyazi kuti anaganizira mbale wake zoipa.

Lolemba lotsatira, Mpinganjira akutsetsereka ndi matumba odzaza, anaponda buleki koma phazi linangolowa. Kutsogolo kunali ana akuchokera kusukulu. Anakhotetsa dala lole n'kuiwombetsa kuphiri. Ana onse anapulumuka, koma mwendo wake wamanja madokotala anaudula.

Chadzunda anafika kuchipatala ndi mnzake Katsabola, mwini lole ina. M'malo mopepesa, anayamba kukupiza chipepala chija. "Mlongo, ine mlandu ndilibe. Galimoto inapimidwa, chidindo ichi!"

Katsabola anatong'ola maso. "A Chadzunda, kodi simunagule ena? Mabuleki anga aja munabweza Lamulungu, munati anu afika."

Kani Chadzunda anabwereka mabuleki kuti anamize opima, ndipo mlamu wake ali kutchalitchi anawamasula n'kubwezeramo zakutha zija, ndi waya yemwe! Nkhanza zotere kuchitira mwamuna wa mlongo wako?

Nasibeko anaimirira, nakoka bulangete lomwe mwamuna wake anafunda, naonetsa pomwe panali mwendo.

"Achimwene, bweretsani pepala lanulo muliike apa. Mwina ayendera lomwelo."

Chadzunda anayang'ana kumbali.

"Yang'anani kuno! Munaveka galimoto nsalu ya eni kuti ione alendo, kenaka munaivula. Nsalu yobwereka siithetsa usiwa!"

Odikirira matenda anawamva mawuwo, napita nawo m'midzi mwawo. Ndiye mpaka lero timati nsalu yobwereka siithetsa usiwa. Tanthauzo lake n'lakuti ukabisa vuto ndi chinthu cha mwini kuti anthu akuone bwino, vutolo silichoka. Mwini akatenga chake, limabwerera pomwepo. Ndipo chowawa n'chakuti nthawi zambiri amene amaonekera poyera si wobwerekayo. Chadzunda anatuluka m'chipatala muja ndi miyendo yake yonse iwiri.