Kalongonda wa Alesi

Teleza ankayanika zovala kuseri kwa nyumba za pa esiteti pamene wakabaza anafika ali wefuwefu.

"Mayi, a Crispin agwa m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana. Akubanika."

Mwamuna wakeyo anali atayamba kale kuwonda ndi kumva kubaya m'nthiti. Makhololo anapimidwa, koma TB sinapezeke. Apo Teleza anagamula yekha mlandu: bambowo anadyetsedwa. Kodi matendawa sanayambe atangodya kalongonda wa Alesi, mnansi wawo?

"Zophika zanu zizithera kwanu komweko, a Alesi," anatero Teleza nthawi imeneyo pa mpopi, anthu akumva. Kuyambira tsikulo, ngakhale kutchalitchi amayi ankamusiyira Alesi benchi yonse.

Kuchipatala dokotala anagogoda msana wa Crispin ndi zala. Mbali ina inalira ngati ng'oma, inayo inangoti dii ngati chidebe chodzaza. Analowetsa singano pakati pa nthiti, ndipo madzi achikasu, onga tiyi wosalowerera, anayamba kutsikira m'botolo. Teleza anagwira pakamwa. Munthu kuyenda ndi chitsime m'chifuwa! Madziwo akutuluka, Crispin anakoka mpweya wautali ngati mwana wongobadwa kumene.

"Ndi zodyetsedwa, eti adokotala?"

"Dekhani, mayi. Madziwa tiwapime kaye."

Patapita masiku, yankho linabwera.

"Ndi TB. Inabisala kunja kwa mapapo, m'kachikopa kamene kamawakuta, n'chifukwa chake makhololo sanaionetse. Siilowa ndi chakudya. Akamamwa mankhwala osadumphitsa, achira."

Teleza atabwerera kunyumba anapeza ana ali osamba, mtsuko uli wodzaza, ndipo zovala zija anazisiya pachingwe zili zopindidwa bwino pampando.

"Wachita ndani?"

"A Alesi," anayankha mwana wake Queen. "Amabwera m'mawa uliwonse. Anati tisakuuzeni, mungatikalipire."

Teleza anakhala pansi. Dokotala anadikira mpaka madzi atayankhula. Koma Teleza anathamangira kupaka mnzake matope. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'mawa mwake anapita ku mpopi womwe uja, pa nthawi imene amayi amachuluka. Anatula chidebe, nagwada pamatope pamaso pa Alesi.

"Ndinakunyozani pano anthu akumva, ndiye amvenso lero. Anali matenda, sanali manja anu. A Alesi, ndikhululukireni."