Dothi la ku Kadoma

Panali mayi wina, dzina lake Shupikai, amene anabadwira ku Kadoma m'dziko la Zimbabwe. Bambo ake anali Mchewa wa ku Dedza. Anapita ku migodi ali mnyamata, n'kutchona. Mayi ake anali Mshona.

Tsono nkhani inavuta apa. Kwa Ashona mwana ndi wa kuchimuna, pomwe kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Abale a mayi ake ankangoti, "Uyu kwawo ndi ku Malawi." Iye anakula akuvomera, poti ku Malawiko anali asanapondeko.

Bambo aja atamwalira anaikidwa konko ku Kadoma. Koma asanatsirizike anapempha chinthu chimodzi, kuti dothi la pamanda pawo likafike kumudzi. Shupikai anatapa dothilo, analimanga pakansalu, nakwera basi.

Kumudzi anamulandira bwino, ndisaname. Anamuyalira mphasa yatsopano, anamuphera nkhuku. Koma inunso mukudziwa kuti mphasa yatsopano ndi nkhuku n'za mlendo. Atatha kudya, azakhali ake, mlongo wa malemu aja, anati, "Mwachita bwino kutibweretsera mlongo wathu, mayi. Mukapita, mukapereke moni kwanu."

"Kwathu kuti, azakhali?" anafunsa Shupikai ndi Chichewa chake chothyokathyoka.

"Kwa mayi anu. Si mwana ndi wa kuchikazi?"

Zinamupweteka kwambiri. Kwa zaka makumi anayi ankamulozera ku Malawi, ndipo lero ku Malawikonso akumulozera komwe wachokera.

M'mawa mwake anthu anapita kumanda kukakwirira dothi lija. Shupikai anamasula kansalu, nathira m'dzenje theka lokha. Theka linalo analimanganso. Anthu anayang'anana.

Pobwerera anabwereka khasu, napempha kuti amusonyeze munda umene bambo ake ankalima ali mnyamata. Atafika anagwada, anakumba, natapa dothi lofiira la m'mundamo. Analisakaniza ndi lakuda la ku Kadoma mpaka silinathekenso kulekanitsa.

"Ili ndikathira pamanda a bambo ku Kadoma," anatero. "Uko anandibereka, kuno n'kumene anachokera amene anandibereka. Sindisiyako kwina. Chaka chamawa ndibwera nthawi yokolola. Musadzandiyalire mphasa yatsopano, mudzandipatse dengu."

Azakhali aja anamuyang'ana nthawi yaitali, maondo a Shupikai ali dothi lokhalokha. Kenaka anamuitana ndi mfunda wa bambo ake, umene munthu anali asanamuitanepo nawo chibadwire.

"Nambewe, dzuka. Usasiye khasulo pamenepo, ukudziwa kale pomwe limakhala."

Abale anga, inu amene ana anu akubadwira kuno ku Joni, mwamva. Tsiku lina mwana wanu adzauzidwa kuno kuti kwawo ndi uko, ndipo akafika uko adzauzidwa kuti kwawo ndi kuno. Musamuphunzitse kukhala pamphasa n'kumadikira kuti wina amuuze kwawo. Muphunzitseni chinenero cha kuno ndi cha kumudzi, mumusonyeze njira zonse ziwiri akadali wamng'ono. Ndipo akadzafika kumudzi, asadzafunse ngati ali wa pamenepo. Adzafunse pomwe pali khasu.